Mzime wa a Chulu

Kuseri kwa nyumba ya a Yotam Chulu, ku Kakumbi, kukamacha kumakhala phokoso loti mlendo angayese wafika pa msika. Pansi pa mtengo wa mvunguti pali makola a waya ndi mitengo ya tsanya, ndipo m'makolamo mumagona odwala a mtundu wina: akabawi othyoka mapiko, akadzidzi ogendedwa ndi anthu owaopa, ndi miimba yopulumuka itadya nyama yothiridwa poizoni. Amenewa ndiwo malo a gulu la Abwenzi a Mbalame, anthu ongodzipereka amene amatola mbalame zolusa zikavulala, kuzichiza, n'kuzibwezera kuthengo.

Tcheyamani wa gululi anali a Chulu omwewo, sikauti wolondera nyama zakuthengo wopuma ntchito, munthu wa mawu ngati bingu koma mtima wofewa ngati papaya lakupsa. Ndiwo anayambitsa gulu, ndiwonso anaika malamulo ake. Lamulo lalikulu linali lakuti mbalame yodwala sipatsidwa dzina, ndipo ikakhala yaing'ono isaone nkhope ya woidyetsa. Chakudya chimaperekedwa munthu atabisala kuseri kwa mphasa. Aliyense wolowa m'gulu ankayamba wamva ulaliki umenewu, a Chulu chala chili m'mwamba.

"Mbalame ikakuzolowera, waipha ndiwe," ankatero. "Kuthengo kumakhala amene amaopa munthu."

Anthu awo ankawamvera, makamaka Misozi Sakala, wachiwiri wawo, mtsikana wogwira ntchito yochapa pa loji ina ya alendo odzaona nyama, amene ankati akaweruka n'kuthamangira kumakola asanafike ndi kwawo komwe. Panalinso Luckson, msodzi wa nthabwala zosatha, amene ankapezera odwalawo nsomba. Ena ankabwera mosinthana, wina kusesa, wina kutunga madzi, ntchito n'kumayenda bwino.

Tsiku lina nyengo yozizira ikupita kumapeto, Luckson anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu, kumbuyo atamangirira dengu lovundikira ndi chitenje.

"Mwaswera bwanji, a tcheyamani? Ndakubweretserani mlendo wolemekezeka. Njovu yagwedeza mtengo kumtsinje, chisa chonse pansi!"

A Chulu atavundukula, anapuma mozama. Munali mwana wa nkhwazi, wamkulu kale ngati tambala, wa nthenga zofiirira zamathothomathotho, asanavale mutu woyera uja wa makolo ake. Phiko limodzi linali lende. Analimanga mwaluso monga mwa masiku onse, koma akumaliza, kambalameko kanawayang'ana m'maso n'kulira motsitsa. Basi, pomwepo mkulu uja anagwa chagada nacho chikondi. Tisawaseke kwambiri. Chaka chomwecho mwana wawo womaliza, Hillary, anali atapita kukagwira ntchito ku Kitwe, ndipo m'nyumba munali zii, moti a Chulu ankayamba kukangana ndi wailesi.

"Iyi ndiisamala ndekha," anauza gulu. "Nkhwazi si kabawi. Imafuna manja ozolowera."

Poyamba anabisaladi kuseri kwa mphasa. Koma mbalameyo itakana kudya, anachotsa mphasayo, ati lero lokha. Lero lokhalo linabala mawa, mawa n'kubala sabata, mpaka mphasa ija inakathera pa khonde, anthu n'kumakhalira. A Chulu ankalawirira m'mawa, kudula nsomba tizidutswatizidutswa, kuchotsa minga yonse, n'kumaidyetsa pa manja uku akuimba likhweru. Posakhalitsa anthu anamva kuti wodwala uja ali ndi dzina, ati Onesmus.

Akazi awo, a Delia, ankangoyang'ana ali pa khomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Abambo ake Hillary, zaka zonsezi ndakhala nanu, simunandichotserepo ngakhale munga umodzi m'nsomba. Koma mzime wanuyu ndiye wabadwa ndi mwayi!"

Dzina la mzime linagwira, mudzi wonse n'kumati mzime wa a Chulu. Eni ake ankangoseka, pachifuwa pali nganganga. Amene sankaseka anali Misozi. Tsiku lina anawapeza ali m'khola, nkhwazi itatera pa gulovu lawo lachikopa, akuikanda pakhosi.

"Atate, pepani ngati ndalakwa. Lamulo lija munatiphunzitsa lapita kuti?"

"Mwana wanga, lamulolo ndinaika ndine," anayankha osatembenuka n'komwe. "Ndikudziwa pamene limapindikira."

Phiko linapola. Dzuwa la m'chigwa linayamba kuotcha, lija loti mwala umatentha ngati chiwaya, ndipo madambo anayamba kuphwa. Imeneyi ndiyo nyengo yabwino kwa nkhwazi yophunzira kusodza, chifukwa nsomba zimaunjikana m'timadzi totsala, misana ili poyera, moti ngakhale wosadziwa amagwirako. Mvula ikangogwa, mtsinje umasefukira, madzi n'kuchita matope, nsomba n'kumwazikana, ndipo mwana wa nkhwazi wosadziwa kusodza amafa ndi njala madzi ali ponseponse. Mkulu wina wa ku ofesi ya zanyama, atabwera kudzayendera makola, ananena mosapsatira kuti mbalameyo ikapanda kudziimira payokha mvula isanagwe, adzaitenga n'kukaiika m'khola la m'tauni, anthu aziionera mpaka kufa kwake.

Misozi anali ndi nzeru yake. Kutali, kufupi ndi kampu ya masikauti, kunali dziwe lalikulu kopanda midzi, ndipo gulu linali ndi khola lalitali kumeneko lophunzitsira mbalame kuuluka. Iye anati Onesmus apite kumeneko, azipatsidwa nsomba zamoyo m'beseni mosaona munthu, kenako amasulidwe. Luckson anavomereza, ena onse anavomereza. A Chulu anapukusa mutu ngati awauza kuti akataye mwana m'chitsime.

"Kutali konseko? Kuli ng'ona, kuli nkhwazi zikuluzikulu zosadziwa chisoni. Iyayi! Dambo lili pompa kuseri kwa munda wanga. Ndimumasulira pano, ndizimuona ndi maso anga."

Anawachonderera, koma mkuluyo akati watsimikiza, bola kukankha mlambe. Tsono tsiku lomasula linafika, ndipo anthu anasonkhana ngati kuli ukwati. A Chulu anavala yunifolomu yawo yakale ya usikauti, mabatani akulira pamimba, n'kukweza dzanja m'mwamba. Nkhwazi inatambasula mapiko, phaphapha, n'kukwera. Amayi anaimba nthungululu, abambo anaomba m'manja, a Chulu misozi ili lengelenge. Mbalame inazungulira mvunguti, inazungulira munda, kenako inatsika mwaulemu n'kutera pa denga la khitchini ya a Delia, kukamwa kuli yasa, kuitanitsa chakudya.

Kunali kuseka kosati masewera. Luckson anagubuduka pansi atagwira nthiti.

"Mzime wanu wabwerako ku ulendo," anatero a Delia. "Kodi ndimuikire madzi osamba?"

"Azolowera pang'onopang'ono," anayankha a Chulu, n'kulowa m'nyumba kukatenga mpeni wodulira nsomba.

Kuzolowera anazoloweradi, koma osati thengo. Onesmus ankatsata a Chulu kulikonse. Akapita kumunda kukaona pamene njovu zathyola mpanda, iye ali pamwamba. Akapita kuchigayo, iye ali pa denga la chigayo. Lamulungu lina anawatsata mpaka ku tchalitchi, n'kutera pa malata, ndipo kwaya itangoyamba nyimbo, naye anayamba yake ndi mawu osakhwima aja ngati chitseko chosowa mafuta. Oimba anasokonekera, mpingo wonse n'kufa nacho chiseko, mpaka abusa anati chamoyo chilichonse chili ndi ufulu wotamanda Mlengi. A Chulu anatuluka m'tchalitchimo akuyenda ngati bambo wa mwana wokhoza mayeso. Kumbali ya dambo kuja, mbalameyo sinapiteko ngakhale kukasuzumira.

Zinthu zinatembenuka tsiku la msika. A Chulu anapita kumsewu kukagula sopo, mzime wawo ali pambuyo monga mwa nthawi zonse. M'mphepete mwa msewu munakhala amayi ena, a Susan, ogulitsa nsomba, beseni lawo lodzaza milamba yaiwisi. Kwa Onesmus, nsomba ili m'manja mwa munthu inali yake basi, chifukwa ndi zimene anaphunzitsidwa. Anangotsika kuti psuu, n'kutsomphola mlamba waukulu pakati pa beseni. Mayo ine! Amayi anabalalika, tomato kugubuduzika mumsewu, wina dengu la mazira pansi phwa, a Susan akukuwa manja ali kumutu.

Amuna awo, a Benard, anali pafupi akukonza njinga. Anasolola legeni m'thumba, kuikamo mwala, n'kukoka mphira mpaka kukhutu. A Chulu anafuula, koma anali patali. Ndipo apa ndi pamene anaona chinthu chimene chinawaziziritsa thupi lonse dzuwa likuswa mtengo. Nkhwazi ija, itatera pansi ndi nsomba yake, inaona munthu atakweza dzanja kuloza kwa iyo. M'malo mothawa, inasendera kwa iye modumphadumpha, n'kuyasamula kukamwa. Inkayesa kuti akuipatsa chakudya.

Mwala unathothola nthenga za kumchira, n'kupitirira. A Benard eni ake anatsitsa legeni, atadabwa.

"Manje iyi ni mbalame ya bwanji, a Chulu? Nifuna kuilasa, yeve abwera kwa ine monga nkhuku!"

A Chulu anapepesa kwa a Susan atagwira chipewa m'manja, anatola mbalame yawo, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, njinga n'kuiiwala pa msika. Anali ndi manyazi, komanso anali ndi mantha. Chala chimodzi chokha kumanzere, mwala uja ukanaswa mutu.

M'mawa mwake Luckson anakapereka milamba ina kwa a Susan n'kubwerako ndi njinga ija, nkhani ya kumsika n'kuthera pomwepo ndi nthabwala. Madzulo gulu lonse linakhala pansi pa mvunguti. A Chulu, amene masiku onse ankatsegula msonkhano ndi mawu ataliatali, anangoti zyoli. Misozi ndiye anaimirira, manja atawapinda mwaulemu.

"Atate, palibe pano amene amadziwa mbalame kuposa inu. Zonse timadziwa munatiphunzitsa ndinu. Mwayi ulipo, chifukwa nkhwaziyi inabwera itakula kale, inawadziwa amake, ndiye ikhoza kukumbuka kuti ndi nkhwazi. Koma singakumbuke ikumakuonani. Sitikukuchotsani pa mpando ayi. Tikukuchotsani pa Onesmus."

"Ndipo kukampu kuja musapondeko," anawonjezera Luckson. "Tikakuonani, tikuitanirani masikauti anzanu akumangeni."

Anthu anaseka, a Chulu nawo anamwetulira monyinyirika. Anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi gulovu lawo lachikopa lija limene munthu wina sankaligwira. Analipereka kwa Misozi ndi manja awiri.

"Mutengeni," anatero. "Koma minga..."

"Minga adya nayo, atate," anayankha Misozi mofatsa.

Mbalame inapita pa galimoto imene a pa loji anabwereketsa, itaphimbidwa ndi chitenje. Kukampu kuja anthu a gulu anagawana masiku. Amene wapuma ku ntchito ankapalasa njinga mtunda wonsewo, kukathira milamba yamoyo m'beseni lalikulu atabisala kuseri kwa mphasa, osayankhula, osatsokomola. Nkhwazi ikaona munthu n'kusendera, ankaimenyera zitini mpaka ithawire ku mtanda wa pamwamba. Akazi a masikauti nawo analowa m'gulu osaitanidwa, ati ntchito yomenya zitini ndiye akuidziwa bwino chifukwa chothamangitsa njovu.

Kunyumba a Chulu anali ngati nkhuku yolandidwa anapiye. Ankasesa makola osesedwa kale, akadzidzi mpaka kutopa nawo. Dzuwa likapendeka ankaima pa msewu kudikira aliyense wochokera kukampu. Ndiye tsiku lina Luckson anabwera nkhope ili yogwa.

"A tcheyamani, bwana uja wanyanyala. Nsomba zikusambira m'beseni, iye angoziyang'ana ngati zamulakwira. Masiku apita osadya, angolira kuyang'ana kunjira."

A Chulu sanagone tulo tabwino. Tambala atangolira anadzuka mwakachetechete, kudula nsomba, kuchotsa minga, kukulunga m'pepala, n'kunyang'ama kupita pa njinga. Anapeza matayala onse awiri ali phwa. Anafunafuna pampu pamene imakhala, osaipeza. Atatembenuka anaona a Delia atakhala pa mpando pa khonde, chitenje chili m'mapewa, pampu ili pamiyendo.

"Mpweya ndachotsa ndine, musavutike kufunsa," anatero. "Khalani pansi, abambo ake Hillary."

"Amake Hillary, mwana akufa ndi njala!"

"Njala ndiyo mphunzitsi amene inu munamukaniza kulowa m'kalasi. Mukapita ndi kaphukusi kanuko, ntchito yonse ya ana aja yapita m'madzi, ndipo mzime wanu akakalambira m'khola la m'tauni. Mukufuna zimenezo?"

Mkulu uja anakhala pansi, kaphukusi kali m'manja. Nsomba yochotsa minga ija a Delia anaikazinga, n'kuidya okha mosangalala, ati pamapeto pake nawo alawako mwayi wa mzime.

Tsiku lotsatira dzuwa likulowa, kunamveka belu la njinga kuchokera kutali, ngelengele osalekeza. Anali Luckson, akupalasa ataimirira.

"Wagwira! A tcheyamani, wagwira! Wadumphira m'beseni ndi miyendo yonse, madzi kuti khavu, mlamba uli m'zikhadabo! Wadya ndi mutu womwe!"

Anthu a ku Kakumbi amanenabe mpaka lero kuti sanaonepo a Chulu akuvina chotero. Anavina pabwalo fumbi kuti koboo, anakweza a Delia m'mwamba, a Delia akuwamenya pamsana kuti awatsitse. Kuchokera pamenepo uthenga unkabwera wokoma wokhawokha: lero wagwira ziwiri, lero wauluka khola lonse osapuma, lero waona mkazi wa sikauti n'kuthawa yekha zitini zisanalire.

Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, mphepo ikununkhira mvula, Misozi anabwera kudzanena kuti nthawi yakwana. Gulu linagwirizana kuti tcheyamani akhalepo, koma abisale, ndipo a Delia apite nawo ngati mlonda wawo. Anafika pa dziwe m'mawa, sikauti wa mfuti ali patsogolo. Madzi anali atatsala pang'ono pakati pa matope ong'ambika, mvuu zitapanikizana mbali imodzi, akakowa ali yeee m'mphepete, ndipo nsomba zinkachita kuoneka misana. A Chulu anawakhazika kuseri kwa chitsamba chowirira, a Delia ali pambali pawo, ena onse anagona pansi mu udzu. Misozi anakoka chingwe ali patali, chitseko cha khola n'kutseguka.

Nkhwazi inatuluka, n'kukatera pa mtengo wouma m'mphepete mwa madzi. Inali itachepa thupi, koma maso anali ena, akuthwa, osakhazikika. Inakhala pamenepo nthawi yaitali, a Chulu miyendo mpaka kuchita dzanzi. Kenako inatsika, kumenya madzi, n'kukwera chimanjamanja. Inayesanso, inaphonyanso. Apo nkhwazi ina yaikulu, ya mutu woyera, mwini dziwe, inatulukira kumwamba n'kuithamangitsa mpaka nthenga kuuluka. Milomo ya a Chulu inasongoka yokha kuti iimbe likhweru lija, koma dzanja la a Delia linafika msanga n'kuwatseka pakamwa.

Yaikulu ija itabwerera ku mtengo wake, yaing'ono inazungulira mbali ina ya dziwe, kumene madzi anali osaya. Inatsika motsetsereka, miyendo patsogolo, n'kukhudza madzi kamodzi kokha. Itakwera, nsomba inali kuphiriphitha m'zikhadabo zake. Inauluka nayo chapansipansi, n'kudzatera pa mchenga pafupi penipeni ndi chitsamba chimene anabisalamo a Chulu.

Apa ndiye mkulu uja anaiwala zonse. Anaiwala pangano, anaiwala mlonda wawo, anangodzambatuka kutuluka m'chitsamba manja ali tambasu, nkhope ili ngwee. Misozi anagwira kumutu. Luckson anatseka maso.

Nkhwazi inadzutsa mutu n'kuyang'ana munthu amene anaimanga phiko, amene anaidyetsa pa manja nyengo yonse ija. Inamuyang'ana kanthawi kochepa chabe. Kenako inakanikiza nsomba yake, inamenya mapiko mwamphamvu, n'kuwoloka dziwe lonse mpaka kutsidya, kumitengo italiitali, osacheuka.

Aliyense ankaopa kuwayang'ana a Chulu, amene anaimabe pamchengapo manja ali m'mwamba. Misozi anadzuka pang'onopang'ono, akufunafuna mawu owatonthoza. Koma asanatsegule pakamwa, mkuluyo anatembenuka, misozi ikutsika m'masaya, mano onse ali panja.

"Wandithawa! Mwaona inu? Amake Hillary, mwaona? Wandithawa ine amene! Wandiopa ngati munthu wamba!"

Nthungululu ya a Delia inadzidzimutsa mvuu, akakowa onse n'kuuluka. Luckson anaponya chipewa m'mwamba n'kukagwera m'matope, ndipo ngakhale sikauti wa mfuti uja anaseka mpaka kutsamira mtengo. A Chulu anagwira Misozi manja onse awiri n'kumugwedeza, kenako anakhala pansi pamchenga, kupukuta m'maso ndi chipewa, n'kumayang'ana kutsidya kumene mzime wawo ankadya yekha nsomba yake, minga ndi mutu womwe.

Pakhomo pa a Chulu panali chikondi chokwanira ndi nsomba zosasowa, koma nkhwazi ikanakhalabe pamenepo ikanafa ili nkhuku. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.